Msampha wa a Girizi

“Taona, wandiberanso!” anakuwa a Girizi uku akumenya tebulo mpaka timasikuluwu tinagwera pansi.

Akazi awo anatola timasikuluwuto. Mu shopu imeneyi ntchito yawo inali imodzi, kugwira foni n'kumajambula amuna awo akamaphunzitsa anthu kukonza mawilo okulungira ulusi pa ndodo zowedzera nsomba. Mavidiyowo ndiwo ankabweretsa makasitomala.

Koma pa intaneti panali patabuka tsamba lina. Nkhope ya mwini wake sinkaoneka, mawu ake sankamveka. Pankangooneka manja ovala magolovesi akumasula wilo, malangizo n'kumalembedwa pansi. A Girizi akaika vidiyo ya katsukidwe ka magiya, mawa lake manja aja ankatsukanso magiya, mwaudongo kuposa iwo. Owonera anayamba kusamukira komweko.

A Girizi sankakayika kuti wakubayo anali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, wokonza mawotchi kutsidya kwa msewu.

“Mchimwene wakoyo ndi mbava. Amandimwetulira m'mawa uliwonse ngati munthu, chonsecho akundidyera masuku pamutu. Lero ndimutchera msampha. Yatsa foniyo.”

Anamasula wilo, napukuta mchenga, napaka mafuta. Atafika pa kasipuling'i kamene kamabweza chogwira ulusi, anakalowetsa chozondoka mwadala, akulankhula molimba mtima ngati ndi momwe kamakhalira.

“Bambo, nanga anthu akatsatira zimenezi si awononga mawilo awo?” anafunsa mayiwo.

“Iwe jambula basi. Za zitsulo uzidziwira kuti? Iyeyo akakopera bodza limeneli, aliyense adziwa kuti ndi mbuli.”

Kutacha, a Girizi anatsegula foni asanatsegule n'komwe mawindo a shopu. Manja aja anali ataika kale vidiyo yatsopano. Kasipuling'i kanalowa bwinobwino, moyenera, ndipo pansi panalembedwa kuti: Samalani, ena akukuphunzitsani chozondoka.

Pa tsamba la a Girizi panali moto. Wina anati wilo lake lauma gwa. Wina anawatcha mmisiri wabodza. Kasitomala wawo wakale analemba kuti akubwera kudzatenga mawilo ake onse asanawonongedwe.

A Girizi anaponya foni pa tebulo. Anatembenukira akazi awo amene ankasesa pakhomo.

“Za msampha uja tinkadziwa anthu awiri okha, ine ndi iwe. Wakamuuza mchimwene wako! Ukudya kwanga, ukugona kwanga, koma mtima uli kwanu!”

Anatola sipanala n'kulunjika kukhomo. Kutsidya, mlamu uja anali akutulutsa benchi yake, akuimba mluzu. Mayiwo anaponya tsache pansi n'kuima pakhomo, manja m'chiuno.

“Choka ndidutse!”

“Mukamenye munthu wosalakwa? Achimwene sanagwirepo wilo la mbedza chibadwire.”

“Ndiye wamuuza ndani?”

“Sindinauze munthu, bambo. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyang'ana mawilowa pafupi kuposa inu, ndikakupemphani kuti ndiyeseko mumati ndigwire foni. Manja amene mukuwatukwanawo ndi angawa, ndipo makasitomala anu akubwera kwa ine.”