Chithunzi cha Mutu wa Perpetua

Cyprian sankakhulupirira zoti mkazi wake Perpetua amadwaladi mutu waching'alang'ala. Mutu wanji wodziwa nyengo yopalira? Masisitere a kumishoni atapita naye ku Lusaka kukajambulitsa ubongo, iye anangoseka: "Makina sanama, tizaona."

Iwo atabwerako, Cyprian anakatenga chithunzicho kumishoni dzuwa litalowa. Pobwerera anaima pakamlatho ka ku Chalimbana n'kuchiwunika ndi tochi, ngati munthu woti anaphunzirapo udokotala. Ankafuna bodza, koma ankangoona zotuwa.

"Zimyani, ba Cyprian. Kuwala kunilasa."

M'mbali mwa msewu munali mayi atakhala pansi, atamanga mutu zolimba ndi duku, mfundo ili kumanzere monga amamangira Perpetua. Tochi inkaunika dukulo, koma nkhope osaipeza.

"Ndimwe bandani?" anafunsa Cyprian.

"Si munali kunisakila?"

Cyprian analiyatsa liwiro mpaka kunyumba. Anapeza Perpetua, amene anamusiya akubuula, atavula duku, akuimba.

"Mutu wanisiya," anatero mkaziyo. Kenako anasuzumira kumbuyo kwa mwamuna wake, nyimbo n'kuthera pakhosi. "Nanga aba mwabwela nabo?"

Cyprian sanacheuke. Kuseri kwa diso lake lakumanzere, china chake chinagunda koyamba.