Ulusi wa kumchira kwa Mbewa

Padangotero, tili tonse, Mbewa ndi mlamu wake Fuko adakangana za katetezedwe ka nyumba.

"Ine ndimangotseka una wanga ndi dothi, basi ndagona," adatero Fuko.

"Zachikale izo, alamu," adayankha Mbewa. "Ine Kangaude wandilukira ukonde pakhomo. Chitseko chimadzitseka chokha, ndipo ulusi wina wandimangirira kumchiraku. Kanthu kakangokhudza pakhomo, ndimamva ndili kumunda."

M'mawa mwake Mbewa atangoyamba kufukula mtedza, ulusi udakoka. Adathamangira kunyumba mtima uli m'mwamba, n'kupeza ndi tsamba chabe. Atangobwerera kumunda, udakokanso. Inali ntchentche. Kenako mphepo, kenako chiwala. Tsiku lililonse zinali zomwezo. Ankadya maso ali kumchira, mpaka nthiti zidayamba kuwerengeka.

"Alamu, mwaona zimene mapazi anu achita paudzupa?" adafunsa Fuko.

Mbewa sadamve n'komwe, ulusi unali utakoka kale. Komatu kuthamanga kuja kudapondereza udzu, padatuluka kanjira koyera kochokera kumunda kukafika pa una umene kale palibe ankaudziwa.

Tsiku lina ulusi udakoka mwamphamvu. Mbewa adapeza Njoka itadzipinda pakhomo, ukonde uli lendelende pamphuno, ana a Mbewayo akulira mkati.

"Mwadziwa bwanji pano?" adafunsa Mbewa.

"Ndakusakani zaka zambiri, achimwene, osakupezani," idatero Njoka. "Zikomo pondilambulira msewu."

Nthano yanga yathera pakhomo pomwepo, pamene ulusi udaleka kukoka.