Namondwe wa M'kapu

Mzere wa pasikelo unali utatalika pamene a Fackson, kapitawo wa othyola tiyi, anapisa dzanja m'dengu lina n'kukuwa ngati aponda khala lamoto.

"Imani kaye! Uyu ndi tiyi kapena nkhuni?"

Esiteti yonse inkawadziwa bambowa ndi Chingerezi chimodzi chimene anatola kwa manijala wakale: storm in a teacup. Wina akadandaula za jombo zobooka kapena phala lochedwa, ankamuponyera mawuwo n'kumumasuliranso ulere: "Namondwe wa m'kapu, mwanawe, phokoso pa nkhani yosanunkha kanthu." Koma lero namondwe anali wawo, ndipo kapu inachepa.

Dengulo analitula ndi Alesi wa ku Khwethemule, mayi wa ana awiri amene anangolembedwa kumene ntchito ya dzinja. Anali m'gulu la atsopano omwe a Fackson anawaphunzitsa m'mawa womwewo ndi manja awoawo, magalasi ali m'thumba poti ankawakalambitsa pamaso pa azimayi.

A Fackson anakhuthulira tiyiyo pathumba loyalidwa pansi. Munali masamba okhwima, timitengo, mpaka chisoso.

"Ndinati masamba awiri ndi nsonga! Ngakhale mbuzi imasankha bwino kuposa apa. Wathyola izi asadzapondenso muno, ndalumbira!"

Alesi anachita mantha. Ntchitoyi ndiyo inkayenera kufikitsa ana ake ku chimanga chatsopano.

"Pepani akapitawo, bwanji tikambire pambali?"

"Zapambali palibe! Onse amve!"

A Fackson anaimitsa sikelo. Anatuma munthu kukaitana a Dixon, manijala, amene anasiya thirakitala ikulira n'kubwera akupukuta thukuta. A Fackson anakweza tsamba limodzi m'mwamba kuti aliyense aone, mtima uli mbee poti lero bwana adzionera okha kapitawo wosaseka ndi ulesi.

"Mayi, tiuzeni," anatero a Dixon.

Alesi anagwada, maso ali pansi.

"Langa ndi ilo kumbuyoko, bwana, silinakwere sikelo. Ili ndi lija akapitawo ankatiphunzitsira m'mawa. Analiiwala m'munda, ine ndangowanyamulira."

A Fackson anatulutsa magalasi, navala, nayang'anitsitsa chisoso chija.

"Bwana," anatero chapansipansi, "tisaikuze. Imeneyi ndi storm in a teacup."