Kolala ya Khwangwala ndi Mawu Akuba

Padangotero, inu muli pomwepo, Njati analengeza ntchito yotola mbozi m'munda mwake mwa chimanga. Mbalame iliyonse yoifuna inayenera kudzilankhulira yokha pabwalo.

Timba, kambalame kochepetsetsa kaja, ankayeserera mawu ake pachitsime, odzatunga madzi nkumamuombera m'manja. Khwangwala nsanje inamudya.

"Kanthu kopanda ndi kolala yomwe pakhosi nkumaomberedwa m'manja? Ine yoyerayi ndinabadwa nayo!"

Anabisala pachitsamba naloweza mawu onse a Timba. Tsiku litafika, anadumphira kutsogolo asanaitanidwe, natukumula chifuwa.

"Zikomo bwana Njati. Ine ndine kamwana, kaphazi kanga sikathyola ngakhale ngayaye. M'kamwa mwangamu simunalowepo njere ya mwini."

Bwalo lonse linafa nalo phwete. Njati anapukusa mutu.

"A Khwangwala, mawuwo ngokoma ndithu, koma akukuthinani. Nanga gaga ali kumlomoyo ngwa yani?"

Khwangwala anati ayankhe, koma yankho la funso limenelo sanalimve kuchitsime kuja. Chimene chinatuluka ndi "Khwaa!" basi.

Ntchito inapita kwa Timba. Khwangwala kolala akadali nayo, ndipo mukamumva akukuwa mumtengo, akufunabe yankho lija. Yathera pamenepo.