Ba Nicodemus ndi Botolo Lopanda Dzina

Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, mawu onse apa ndi oona. Amene anandiuza amaimba kwaya imodzi ndi mlamu wake wa munthuyo, ndipo chibadwire sananamepo.

Panali munthu wina dzina lake ba Nicodemus, wosamalira maluwa ndi kapinga panyumba ya mayi wamasiye ku Kabulonga, ba Petronella. Anagwira pamenepo zaka khumi ndi ziwiri. Iye, mkazi wake ba Lukonde ndi ana atatu ankakhala m'kanyumba ka antchito mumpanda momwemo. Kwina kopita analibe.

Chaka china ba Nicodemus anayamba mapemphero a masana m'tauni, tsiku ndi tsiku. Akabwerako ankayang'ana udzu ndi diso loipa.

"Kuzula udzu ni tembelelo la Adamu," ankatero. "Ine ndine mwana wa Mfumu, siningafele pa kambwili."

"Bashi Chloe, welengani bwino," mkazi wake anayankha, pomuitana ndi dzina la mwana wawo woyamba. "Adamu anapatsiwa munda kuti aulime na kuusunga akalibe kuchimwa. Munda wanu ni uyu."

"Iwe unakhala liti m'busa?"

Ba Petronella atapita ku Kitwe kukadwazika mng'ono wawo, ba Nicodemus anakumana pa siteshoni ya mabasi ya Intercity ndi bambo wina wa jekete lachikopa, m'manja muli botolo lopanda dzina.

"Shani ba mudala?" bamboyo anamupatsa moni. "Aka kachoka ku boda. Chivindikilo chimodzi mu ndowa, udzu siuzamela mpaka Yesu akabwele."

"Nanga maluwa?"

"Kamadziwa kusankha aka."

Anagula. Kunyumba ba Lukonde atanunkhiza anatsokomola mpaka misozi. "Musathile. Chinthu chilibe na dzina." Koma iye, poganiza kuti mwina Yesu achedwa, anathira botolo lonse, pa kapinga, m'maluwa, mpaka patsinde pa mtengo wa kotapela, mapeyala aja, umene malemu amuna a ba Petronella anabzala chaka cha ukwati wawo. Atatero anathamangira basi ya ku mapemphero.

Masana omwewo inagwa mvula. Udzu unafadi. Kapinga naye anafa. Nyongolotsi zinatuluka m'dothi n'kuuma ngati zingwe za nsapato, njuchi zinagwa mulu pansi pa maluwa, nsomba za m'kadziwe zinayandama chagada. Madzi anadutsa pansi pa mpanda, nkhuku zisanu ndi zinayi za aneba zinamwa n'kugona osadzukanso. Ngakhale maluwa apulasitiki a pakhonde anafota. Sabata yachiwiri kotapela anayamba kuyoyola masamba.

Ba Nicodemus anasala kudya masiku atatu. Anadzoza mafuta mtengowo n'kuulamula kuti ukhale ndi moyo. Masamba anapitiriza kugwa, iye n'kumasesa m'mamawa kuti zisaoneke.

Ba Petronella atabwera anaima pageti nthawi yaitali, chikwama chili m'manja.

"Ba Nicodemus, mwachita chani?"

"Madamu, ni chiwembu cha mdani."

"Mdani anali na makiyi ya geti?"

Anapita pamtengo n'kuugwira, khungwa linasendekera m'manja mwawo. Sanakalipe. Anangoti, "Pa Loweluka nifuna makiyi yanga."

Loweruka katundu anakwera kalole kupita ku Makeni, kwa mlongo wake wa ba Lukonde, anthu asanu chipinda chimodzi. Panjira Chloe, mwana wawo woyamba, anafunsa, "Adadi, tizabwela liti kwathu?"

Phunziro: Ntchito si temberero, abale. Dothi, mitengo, ngakhale nyongolotsi, mwini wake ndi Mulungu, ife anangotisungitsa. Pemphero silizula udzu umene anakupatsira manja kuti uzule, ndipo chinthu chopanda dzina usathire pa chamoyo. Tumizani uthengawu kwa aliyense amene akuona ngati ntchito yake ndi yaing'ono pamaso pa Ambuye.

Za maluwa apulasitiki zija ndangowonjezera, ba Petronella sasunga zotero. Koma mtengo uja anaudula mwezi watha.