Masamba Aawisi Panjira ya kwa a Kamwendo

"Tsika panjingapo, galu iwe!"

Elder Boateng, mnyamata wa ku Ghana yemwe anabwera kudzalalikira za mpingo wa Mormon, anangomva dzanja lamugwira tayi. Njinga inagwera uko. Mnzake wachizungu amene ankayenda naye anatsika msangamsanga panjinga yake.

Anyamata onyamula makasu anawazinga. Amene anamugwira tayi uja, wamaso ofiira, dzina lake Chipulumutso, analoza masamba aawisi omwe anali atayalidwa mopingasa msewu.

"Masambawa sunawaone? Kwanuko maliro mumawaponda ndi matayala?"

Boateng anawaona ndithu, koma ankayesa kuti agwa m'ngolo. Chibwerereni ku Mitundu, palibe anamuuzapo kuti podutsa pamaliro munthu amatsika n'kukankha njinga.

"Pepani, akuluakulu," anatero m'Chichewa chake chopunduka. "Tikuthamangira kwa a Kamwendo. Anatilonjeza kuti lero tiwapeza."

Lonjezo limenelo silinali lachilendo. Nthawi zonse akafika pakhomo pa mlimi wa fodyayo, akazi awo ankangoti, "Achokapo," koma chifuwa cha mkuluyo chikumveka m'chigafa kuseri kwa nyumba. Boateng sankagwa ulesi. Ankabwerabe, thukuta lili kamukamu, ndi buku lake m'manja.

Anyamata aja anayang'anizana. Chipulumutso anasiya tayi ija pang'onopang'ono.

"Ndinu inu mumawasowetsa mtendere bambo anga?"

Kenaka anatola njinga ija n'kumuponyera.

"Kankha, unditsate. Sananame, lero muwapezadi. Ali m'nyumba, pamphasa. Sathawiranso m'chigafa."