Magazi Owola Anali a Kwa Yani?

Panali mayi wina telala, ndipo amene wandiuza nkhaniyi amasoketsa zovala kwa iyeyo, ndiye musati n'zopeka. Telalayo anakwatiwa ndi makaniko wina amene anzake ankamutcha Chitsulo, poti ankanyamula yekha giyabokosi ya galimoto. Ukwati usanachitike, namwino anawalangiza kuti akayezetse siko selo, matenda a magazi amene mwana amatengera kwa makolo. Chitsulo anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Ine? Taonani mikonoyi! Wodwala magazi amaoneka chonchi?"

Chikondi n'choopsa abale. Telala anangoti basi, tizisiye.

Anabereka mwana wamkazi. Asanathe chaka, timanja ndi timiyendo tinayamba kutupa, maso chikasu, kulira kosatonthozeka. Achipatala anati ndi siko selo, ndipo mwana sadwala pokhapokha atatenga mbewu yake kwa mayi ndi kwa bambo omwe. Telala anayezetsa, n'kupezeka nayo mbewuyo. Chitsulo anakana kwamtuwagalu. Mwanayo anazunzika, ndipo anamwalira atangoyamba sukulu ya mkaka.

Pamaliro pomwepo, anthu ali tcheru, apongozi, mayi ake a Chitsulo, anamuloza chala telala uja.

"Magazi a kwanu ndi owola! Mwatiphera mdzukulu!"

Chitsulo anali pomwepo, koma sanamuteteze mkazi wake. Sabata isanathe, telala anapeza makina ake osokera ali panja, akunyowa ndi mvula. Anakapeza kachipinda kuseri kwa golosale, koma dzina linamutsatira. Akamadutsa, amayi ankakodolana kuti wopha mwana uja ndi uyu. Zinamuwawa, ndipo sanabise. Ankapalasa makina akukukuta mano, akuti, "Mulungu mundikhululukire, koma anthu awa adzandidziwa."

Tsiku lina kunabwera mtsikana wina, mphunzitsi wongosamukira kumene m'deralo, kudzasoketsa diresi la ukwati. Atatchula dzina la mwamuna, telala anatsala pang'ono kumeza phini. Anapitiriza kumuyeza m'chiuno ngati palibe kanthu.

"Achemwali, siko selo munayezetsa?"

"Kalekale. Mbewu ndili nayo. Koma abambowo akuti ali bwinobwino, mwana wawo anaphedwa ndi magazi a mkazi woyamba."

"Mkazi woyambayo ndine."

Kunena zoona, satana anali atamunong'oneza kale telala kuti khala chete, soka diresi, akaike mwana wina m'manda ndiye adzadziwa. Koma mwana ameneyo akanalakwanji? Iye ankafuna Chitsulo ndi mayi ake, osati khanda.

"Musandikhulupirire ine," anatero telala. "Agwireni dzanja, akabayidwe inu mukuona."

Madzulo ake Chitsulo anatulukira ndi sipanala m'manja, akubangula kuti telala akumuwonongera banja chifukwa cha nsanje. Telala sanathawe. Anatuluka n'kuima pakhonde, kuti aliyense wa mumsewumo amve.

"Pitani mukayezetse, bambo a malemu! Mukapezeka opanda mbewu, ndiyenda msewu wonse uno ndikukuwa ndekha kuti ndinapha mwana. Kapena Chitsulo amaopa jakisoni?"

Anthu anafa nalo phwete. Pothawira panalibe. Chitsulo anapita ndi mphunzitsi uja, apongozi nawonso pambuyo, akudzitama kuti nawo apereka mkono kuti mfiti ichite manyazi. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi!

Zotsatira zitatuluka, Chitsulo mbewu anali nayo. Mayi akenso anali nayo. Mphunzitsi anavula mphete pakhomo pa chipatala pomwepo, n'kubwera kudzamuuza telala zonse. Nsalu ya diresi anati asokere makatani.

Nkhani inawanda ngati moto wa m'chilimwe. Chitsulo ankangokhala kunsi kwa galimoto tsiku lonse, ngakhale yopanda vuto. Ndiye m'mawa wina telala akutsegula chitseko, anapeza apongozi atagwada pakhonde, maso ali psuu.

"Mwana wanga, ndikhululukire. Sindinkadziwa."

Telala anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sanawadzutse.

"Amayi, pano mwasokera. Mwanayo anatenga mbewu ziwiri, yanga ndi ya kwanu. Mbali yanga ndinailira kale, ndekhandekha, inu mukundiloza zala. Yanu simunayambe. Manda mukuwadziwa."

Anatseka chitseko, makina n'kuyamba kulira.

Phunziro: Kunyamula mbewu ya siko selo si kudwala, si temberero, ndipo sikuoneka pankhope kapena pa mikono. Koma onyamula awiri akakwatirana, amene angavutike ndi mwana. Musanavekane mphete, kayezetseni nonse awiri, aliyense aone mnzake akubayidwa. Ndipo inu apongozi, chala chanucho muzichisunga m'thumba. Usangowerenga n'kukhala chete, tumizira aliyense amene ali pachibwenzi, ngakhale amene amadzitcha Chitsulo.